Umakanika wa mathiraki ndi makatapila: zomwe koleji inandipatsa ndi zomwe ndinakazipeza kwina

Anyamata amene amabwera pageti la kampani yomwe ndimagwirako ntchito ku Heavy Industrial Area muno mu Lusaka amafunsa funso limodzimodzi: kodi kupita ku koleji kukaphunzira kukonza mathiraki ndi makina akuluakulu kuli ndi phindu, kapena bola kungolowa pa galaja ya munthu n'kuphunzira ndi manja? Ena amabwera okha, ena amatumidwa ndi makolo awo a ku Katete ndi ku Chadiza amene anamva kuti mwana wa uje ndi makanika ku Lusaka. Njira ziwirizi ndinaziyenda zonse, ndiye ndati ndilembe zomwe ndinaona kuti wosankha adziwe chomwe akusankha.

Nditamaliza Grade 12 kwathu ku Katete ndinabwera kudzakhala ndi amalume ku Kanyama. Iwo anali ndi malo okonzerapo magalimoto cha ku Chinika, pabwalo chabe, denga lake malata owerengeka. Kunkabwera matipa onyamula mchenga ndi miyala, malole akale, nthawi zina thirakitala yochokera ku mafamu a msewu wa Mumbwa. Ine ndinali spanaboyi. Ntchito yanga inali kutsuka zitsulo m'dizilo, kunyamula jeke, kupatsira masipanala ndi kukwawa pansi pa galimoto pomwe munthu wamkulu sangakwane. Sindinyoza nthawi imeneyo ngakhale pang'ono. Kumeneko ndiko ndinadziwira kusiyanitsa sipanala ya 17, ya 19 ndi ya 24 ndi maso okha, kumasula bawuti yadzimbiri popanda kuithyola, kutsitsa giyabokisi anthu awiri okha. Amalume ankatha kuima pambali pa injini ikulira, n'kunena silinda yomwe siikuwotcha bwino.

Kenako kunabwera thiraki ina yamakono, ya kompyuta, yomwe inkatha mphamvu pamtunda nyali ikuyaka pa dashibodi. Tinasintha ma filter, sizinathandize. Mwiniwake anagula pampu ya dizilo, ndalama zambiri zedi, vuto lili pomwepo. Anali atayamba kufunsa mtengo wa ma injector pamene mnzake anam'tumizira mnyamata wina wa msinkhu wanga, atanyamula laputopu ndi chopimira magetsi chotchedwa multimeter m'chikwama. Mnyamatayo sanamasule chitsulo chilichonse. Anawerenga zomwe kompyuta ya galimoto inkadandaula, anatsata mawaya ndi manja mpaka anapeza waya wina wopita ku sensor utakhulika pa chassis. Analumikiza, namata, galimoto n'kunyamuka. Madzulo ake amalume anandiitana nati: "Mphwanga, makutu angawa andidyetsa zaka zonsezi, koma magalimoto akubwerawa salankhula ndi makutu. Masamu unakhoza. Pita kusukulu, ine ndithandiza pomwe ndingathe."

Poyamba penipeni, dziwani dzina la kosi yomwe mukufuna, chifukwa ambiri amasokonezeka pomwepa. Pali kosi zazifupi zophunzitsa kuyendetsa excavator, gireda kapena foloko, za masabata ochepa, zomwe zimalengezedwa kwambiri pa Facebook. Zimenezo n'za woyendetsa, si za makanika. Pali Automotive Mechanics, yomwe maziko ake ndi magalimoto a pamsewu. Pali Automotive Electrical, ya magetsi a galimoto. Ndiye pali Heavy Equipment Repair, yomwe ndiyo yokonza makatapila, ma excavator, magireda ndi zimathiraki za m'migodi. Ine ndinasankha yomalizayi chifukwa muli hydraulics, kayendetsedwe ka mikono ya makina ndi mphamvu ya oyilo wopanikizidwa, ndipo munthu wodziwa injini ya dizilo, hydraulics ndi magetsi savutika kusamukira ku mathiraki a pamsewu. Kuchoka ku magalimoto aang'ono kupita ku makina akuluakulu ndiko kumavuta.

Maphunziro onsewa amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ndipo maofesi ake ali ku Longacres pamsewu wa Birdcage Walk. Ndilo limalembetsa makoleji, kuvomereza kosi ndi kukonza mayeso. Musanapereke ngakhale ngwee imodzi, onani ngati kolejiyo ili pa mndandanda wa TEVETA, ndiponso ngati kosi yomwe mukufunayo ndi yovomerezeka pa koleji imeneyo, pakuti koleji ikhoza kukhala yolembetsedwa koma kosi inayo ayi. Ndinagwirapo ntchito ndi mnyamata wina waluso kwabasi amene makolo ake anagulitsa ng'ombe kuti amulipirire pa kasukulu kena ka m'tauni. Atamaliza anapatsidwa satifiketi yokongola yomwe kampani iliyonse yayikulu inaikana. Mpaka lero ndikamuona akugwira ntchito mtima umandipweteka.

Pa maphunziro a makina akuluakulu, koleji yomwe dzina lake limamveka m'dziko lonse ndi Northern Technical College ku Ndola, imene tonse timangoti NORTEC. Kumeneko kuli malo ophunzitsira otchedwa ZAMITA, omwe anakhazikitsidwa mogwirizana ndi kampani ya Volvo, bungwe la United Nations lotchedwa UNIDO ndi boma la Sweden. Ku Mufulira kuli sukulu ya mgodi wa Mopani, ku Solwezi kuli Solwezi Trades pafupi ndi mgodi wa Kansanshi. Muno mu Lusaka muli Industrial Training Centre, Lusaka Business and Technical College ndi Lusaka Vocational and Technical College, ndipo kwathu kum'mawa kuli Chipata Trades. Kosi zimasiyana koleji ndi koleji, ndiponso chaka ndi chaka, choncho pitani nokha ku ofesi yolembetsa mukafunse. Mukafika musathere pa ofesi. Pemphani akuonetseni wekishopu. Muone ngati muli injini yomwe imalira, osati yongoikidwa pa tebulo kuti alendo aziona. Mufunse ngati pali benchi yophunzirira hydraulics, ngati pali makina enieni omwe ophunzira amaloledwa kumasula, ndiponso kuti ophunzira angati amagawana bokosi limodzi la zipangizo. Kenako imani panja mudikire ophunzira a chaka chachiwiri akutuluka, muwafunse kuti anapita kuti ku atachimenti, nthawi imene wophunzira amakagwira ntchito pa kampani kuti aphunzire ndi manja. Iwowo sangakunamizeni.

Ine ndinachita Craft Certificate, ya zaka ziwiri. Makoleji ambiri amafuna satifiketi ya Grade 12 yokhala ndi masamu, sayansi ndi Chingerezi. Pamwamba pake pali Advanced Certificate ndi Diploma, pansi pake pali ma trade test, kuyambira Level 3 kukwera mpaka Level 1. Za ndalama, nthawi yanga tinkadalira thumba la amalume ndi maganyu a Loweruka. Anzanga a lero muli ndi mwayi womwe ife tinalibe. Mu 2022 boma linakweza ndalama za chitukuko cha m'madera zotchedwa Constituency Development Fund (CDF) kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo gawo lina la ndalamazo ndi lolipirira achinyamata maphunziro a luso la manja. Fomu imadzera ku Ward Development Committee ya dera lomwe mumakhala, ndipo pamafunika kalata yoti koleji yakulandirani ndi kope la chitupa chanu cha unzika, NRC. Yambani msanga, chifukwa kalata ya koleji ikachedwa, nthawi yolandira mafomu imatha. Kumbukiraninso kuti fizi si ndalama yokhayo yomwe mudzafune. Pali ovolosi, nsapato za chitsulo kutsogolo, minibasi ya tsiku ndi tsiku, chakudya, ndi lendi ngati mulibe wachibale pafupi.

Miyezi yoyamba inandidabwitsa. Ndinkayembekezera kumasula mainjini, koma tinakhala m'kalasi ndi masamu, sayansi ndi kujambula zitsulo papepala, kenako pa benchi kupala kachitsulo ndi fayilo mpaka kakhale kosalala mbali zonse. Anzathu ena ochokera m'magalaja anakwiya nati akutitayitsa nthawi. Aphunzitsi athu a wekishopu, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito ku migodi, anali ndi funso limodzi lomwe ankafunsa aliyense wonena kuti chitsulo chatha: "Wapima?" Ukati pisitoni yatha, wapima? Ukati crankshaft ikufunika kukapalidwa, wapima, ndipo buku likuti malire ake ndi angati? Anatiphunzitsa kugwira micrometer, yomwe imawerenga mpaka gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita, ndi dial gauge, ndi feeler gauge. Anationetsa kuti liner ya injini, chitsulo chomwe pisitoni imayendamo, imayenera kutumphuka pamwamba pa block ndi kamlingo kakang'ono kwambiri kolembedwa m'buku la injiniyo, ndipo ikapanda kutero gasketi imapsa mobwerezabwereza. Pomwepo ndinakumbukira injini ina yomwe inkabwerera kwa amalume miyezi ingapo iliyonse ndi gasketi yakupsa, ife n'kumanena kuti magasketi a masiku ano ndi achabe. Anatiphunzitsanso kuti mabawuti a cylinder head samangidwa ndi mphamvu za mkono ndi chipaipi, koma ndi torque wrench, mwa dongosolo lake kuyambira pakati kupita kunja, ndipo pa mainjini ambiri umamaliza ndi kupotoza madigiri owerengeka. Chinthu chachikulu chomwe ndinatenga ku koleji ndi chimenechi: kupima ndisanamasule, ndi kufunsa chomwe chapha chitsulo ndisanaikepo chatsopano.

Phunziro lomwe linasintha kaganizidwe kanga ndi la hydraulics. Tsiku loyamba aphunzitsi anatitengera pa mpopi wa panja, natsegula paipi yothirira maluwa. Madzi ankangotuluka mofatsa. Atatseka kukamwa kwa paipi ndi chala, madzi anathamanga kukafika patali. Anatifunsa kuti chasintha n'chiyani, popeza mpopi ndi womwewo. Phunziro lake linali lakuti pampu sipanga presha. Pampu imangokankha oyilo kuti ayende, ndipo presha imabadwa oyiloyo akakumana ndi chomutsekereza, monga katundu ali m'baketi ya excavator. Zikumveka zazing'ono, koma ndalama zambiri zatayika mu Lusaka muno chifukwa chosadziwa zimenezi. Excavator ikafooka, mwiniwake ndi makanika wake amathamangira kunena kuti pampu yafa, chonsecho pampu ya makina otere ndi imodzi mwa zitsulo zodula kwambiri. Munthu wophunzira amayamba ndi zotchipa. Oyilo ndi wokwanira, ndipo ndi wa mtundu woyenera? Sefa ya m'thanki siinatsekeke? Kufookako kuli mbali zonse kapena mkono umodzi wokha? Ngati ndi mkono umodzi, pampu yomwe ikudyetsanso mbali zina bwinobwino singakhale yolakwa, ndiye umayang'ana ma seal a silinda kapena valavu ya mbali imeneyo. Ngati ndi mbali zonse, umamanga geji n'kupima presha ya pilot, yomwe imalamula mavalavu, kenako ya main relief valve, valavu yoletsa presha kupitirira malire, oyilo atatentha. Umatenga wotchi n'kuwerenga masekondi omwe mkono ukutenga kukwera ndi kutsika, n'kufananitsa ndi za m'buku. Aphunzitsi ankakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditayamba ntchito ndinakumana ndi makina ena omwe pampu yatsopano inali itaitanitsidwa kale kuchokera ku Johannesburg, koma vuto linali kachidutswa ka seal kotsakamira mu relief valve. Mapepala a hydraulics, aja odzaza mizere ndi timabokosi, ndinaphunzira kuwawerenga ku koleji, ndipo palibe galaja ya pabwalo yomwe ikanandiphunzitsa zimenezo.

Presha yomweyo ndi yoopsa. Pa excavator ya matani 20 monga CAT 320 kapena Komatsu PC200, oyilo amafika pafupifupi 350 bar, pamene tayala la galimoto yaing'ono limangopitirira 2 bar pang'ono. Paipi ikaboola kabowo konga ka singano, oyilo amatuluka mosaoneka ndi maso ndipo amatha kulowa pansi pa khungu. Musafufuze podontha ndi dzanja, gwiritsani ntchito katoni. Zikachitika, ngakhale bala lioneke ngati kadontho chabe, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo muwauze madokotala kuti ndi oyilo wa presha, chifukwa anthu adulidwa zala ndi manja pochedwa. Injini ikazimitsidwa sindiye kuti presha yatha. Tsitsani baketi pansi, tulutsani presha yotsalira mu accumulator, kabotolo kosunga presha, ndi m'thanki, kenako ndiye mumasule. Ndipo paipi iliyonse yomasulidwa itsekeni kukamwa. Fumbi la mu Lusaka la mwezi wa Ogasiti mpaka Okutobala limapha mapampu ndi mavalavu mwakachetechete.

Magetsi ndiwo ophunzira ambiri ankawathawa, koma ndiwo akudyetsa anthu masiku ano. Mathiraki ambiri ndi makina akuluakulu amayendera 24 volts, mabatire awiri a 12 volts olumikizidwa motsatana. Madalaivala ena amakoka waya pa batire limodzi kuti alumikize wailesi kapena chotchajira foni, ndipo batire limenelo limafa msanga n'kukokera linzake. Tinaphunzira kupima mphamvu yotayika m'waya pamene sitata ikuzungulira, njira yomwe imaulula waya wa earth wadzimbiri amene amachititsa anthu kugula sitata yatsopano pachabe. Tinaphunzira za mawaya awiri opotana omwe makompyuta a galimoto amalankhulirana, otchedwa CAN, ndi kuti ukazimitsa zonse n'kupima pakati pa awiriwo uyenera kupeza pafupifupi 60 ohms. Ukapeza 120, pali podukira kapena resistor imodzi yasowa. Kampani iliyonse ili ndi pulogalamu yake ya pa laputopu: Caterpillar ili ndi ET, Cummins ili ndi INSITE, Volvo ili ndi Tech Tool. Koma ndikuchenjezeni, laputopu siikonza galimoto. Nambala yomwe imatuluka imangonena dera lomwe kompyuta ikudandaula, siinena chitsulo choti mugule. Ndaona anthu ogula makina owerengera manambalawa akusintha ma sensor atatu, vuto lili pa pulagi yolowa madzi. Chinanso, owotcherera akabwera kudzawotcherera pa chassis, chotsani mabatire ndi mapulagi a kompyuta monga buku likunenera, apo ayi kompyuta ya injini ipsa.

Pa dizilo, mainjini amakono otchedwa common rail amaponya mafuta ndi presha yopitirira 1,600 bar, ena kupyola 2,000. Chizolowezi chathu chakale chomasula paipi ya injector injini ikulira kuti timve silinda yakufa sichigwira ntchito pa mainjini amenewa, ndipo chikhoza kukuvulazani. Ma injector ake sapirira madzi ngakhale fumbi, n'chifukwa chake dizilo wa m'zigubu wogulitsidwa m'mbali mwa msewu amabwezera mwini galimoto ngongole yayikulu kuposa yomwe dalaivala anapulumutsa.

Za mabuleki ndilankhula ndi mtima wonse, chifukwa ndine wa kum'mawa ndipo mapiri a Manenekela pa Great East Road ndimawadziwa, monganso aliyense woyenda msewu wa Chirundu amadziwa Kapiri Ngozi. Mabuleki a thiraki amayendera mpweya. Compressor imapopa, air dryer imachotsa chinyezi, mathanki amasunga mpweya wa 8 bar kapena kupitirira apo malinga ndi galimoto. M'ma chamber a kumbuyo muli sipuling'i yamphamvu kwambiri yomwe mpweya umaigwira kuti isamange. Mpweya ukatha, sipuling'iyo imamanga mabuleki yokha. Ndi nzeru yabwino yopulumutsa miyoyo, koma sipuling'i yomweyo ikhoza kupha makanika amene angatsegule chamber mosadziwa. Mbali ya sipuling'i siitsegulidwa, imamangidwa ndi bawuti yake n'kusinthidwa yonse. Chomwe chimandiwawa ndi chizolowezi chotseka paipi ya mpweya ya wilo lomwe likuvuta, kapena kubweza slack adjuster, chitsulo chochunira mabuleki, kuti galimoto ingofika. Mawilo otsalawo amasenza ntchito yonse, pamtsetse wautali amatentha, ndipo mabuleki otentha sagwira. Tsiku lina dalaivala wina wachikulire anandipempha zimenezi, katundu akudikirika ku Chipata. Ndinamuuza kuti: "Bambo, pepani, inu ndi akulu kwa ine ndipo msewu mumaudziwa kuposa ine, koma galimoto iyi siituluka pano ndi dzina langa buleki imodzi ili yotseka." Anakwiya, anakadandaula kwa a foromani, koma a foromani anaima nane. Kulimba mtima kumeneko ndinakutenga ku koleji, chifukwa ndinkatha kufotokoza chifukwa chake, osati kungokana.

Malamulo ena a chitetezo ndi aafupi. Osalowa pansi pa bodi ya tipa yokwezedwa popanda chitsulo chochirikiza. Osadalira jeke yokha. Tayala lalikulu lipopedwe lili m'khola lake lachitsulo, iwe utaima pambali. Kiyi wa makina omwe ukukonza akhale m'thumba mwako, ndipo pa switch ya mabatire pakhale loko wako.

Tsopano zomwe koleji sinandipatse. Pa koleji yomwe ndinaphunzira, mainjini ambiri a mu wekishopu anali akale kuposa omwe ali pamsewu, ndipo tinkaunjikana anthu ambiri pa injini imodzi, awiri akugwira ena akuonerera. Amene ankangodalira maola a wekishopu anamaliza kosi manja awo asanazolowere chitsulo. Ine chinandithandiza n'chakuti Loweruka lililonse ndi patchuthi ndinkabwerera kwa amalume, ndipo zomwe ndawerenga mkati mwa sabata ndinkaziyesa pa matipa enieni. Ngati mulibe wachibale wa galaja, pitani ku Chinika kapena m'mbali mwa msewu wa Mungwi, mupemphe mwaulemu kuti muzithandiza kwaulere kumapeto kwa sabata. Mukafika kumeneko musanyamule mapewa chifukwa cha sukulu. Mdala amene sadziwa kulemba dzina la valavu akhoza kukuphunzitsani kuchotsa bawuti yothyokera mkati mwa block, ndipo zimenezo m'buku mulibe.

Atachimenti ndiyo imasiyanitsa omaliza kosi. Musadikire kuti koleji ikupezereni malo. Tengani kalata ya koleji miyezi ingapo nthawi isanakwane, muyende nayo nokha: makampani onyamula katundu a ku Heavy Industrial Area ndi msewu wa Kafue, makampani omanga misewu, ogumula miyala, ogulitsa makina monga Barloworld amene ndi a Caterpillar, kapena Hitachi amene ali ndi fakitale yokonzanso zitsulo za makina a m'migodi pamsewu wopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Malo otchuka amadzaza msanga, ndipo kampani yaing'ono yomwe ikulolani kugwira sipanala ndi yabwino kuposa yayikulu yomwe mudzangosesa. Ofuna ku migodi akonzekere kupimidwa m'chifuwa ndi bungwe la Occupational Health and Safety Institute la ku Kitwe, kuti apeze chomwe anthu amangochitcha satifiketi ya silicosis, matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la miyala. Malo ambiri salipira wophunzira, ena amangopereka ya minibasi. Lembani m'buku lanu la ntchito chilichonse chomwe mwagwira, makina ake, vuto lake ndi momwe linapezekera, a foromani asayine sabata iliyonse. Pa intavyu yanga yoyamba sanandifunse za magiredi. Anatsegula bukulo, naloza ntchito imodzi ya final drive, nati ndifotokoze kuyambira pachiyambi.

M'kalasi mwathu munali atsikana ochepa, ndipo mmodzi wa iwo ndiye ankatiposa tonse pa magetsi. Makolo amene mukukayikira kutumiza mwana wamkazi, dziwani kuti zitsulo zolemera zimanyamulidwa ndi kireni ndi chain block, osati msana wa munthu. Chomwe chinkamuvutitsa mnzathuyo si kulemera kwa ntchito, koma pakamwa pa amuna ena a mu wekishopu, ndipo ife amuna ndife tiyenera kuthetsa zimenezo.

Aliyense wolowa kosi imeneyi amalota za migodi ya Kansanshi, Lumwana ndi Kalumbila. Ena amafikadi, makamaka kudzera m'makampani a makontirakiti, koma ambiri timayambira kwina, ndipo malipiro oyamba ndi ochepa. Musataye mtima, ntchito ilipo. Lusaka ili pamphambano: mathiraki ochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Nakonde, ochokera ku Beira ndi Durban kudzera pa Chirundu, ena kudzera pa mlatho wa Kazungula womwe unatsegulidwa mu 2021, ambiri akulowera ku Kasumbalesa pamalire ndi dziko la Congo, onsewo amafuna makanika. Mathiraki a ku China monga Howo, Shacman ndi FAW achuluka kwambiri, ndipo wophunzira amene amangofuna kugwira Volvo ndi Scania akudzitsekera yekha khomo. Kuli mafamu akuluakulu a ku Chisamba ndi Mkushi okhala ndi mathirakitala ndi makina okololera. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ambiri patsiku, anzanga odziwa injini ya dizilo ndi magetsi sankagona chifukwa cha majenereta. Koma ntchitoyi ndi yolemetsa. Foni imalira usiku kuti galimoto yafera ku Luangwa, ndipo umakagona pansi pake m'mbali mwa msewu, mvula kapena dzuwa.

Mukalandira satifiketi, kalembetseni ku Engineering Institution of Zambia. Amisiri a Craft Certificate nawonso ali ndi gawo lawo kumeneko, ndipo makampani akuluakulu amafunsa chiphaso chimenechi polemba ntchito. Kwa inu amene mwakhala zaka m'magalaja popanda pepala, TEVETA ili ndi njira yoyesa luso lomwe munthu analipeza pogwira ntchito, yotchedwa Recognition of Prior Learning, ndipo mukhoza kupeza satifiketi ya trade test osakhala m'kalasi zaka ziwiri. Kafunseni pa koleji ya boma yomwe ili pafupi nanu.

Zipangizo muzigula pang'onopang'ono kuyambira muli pasukulu. Masipanala ndi masoketi akale a mtundu wabwino, omwe amapezeka m'misika ngati Soweto, amaposa atsopano onyezimira amene amatseguka kukamwa pa bawuti yoyamba yolimba. Multimeter yokha musaumire, gulani yabwino. Zodula monga torque wrench yayikulu ndi mageji a hydraulics kampani ndiyo imapereka. Zolowerani kuwerenga mabuku a makina m'Chingerezi tsiku ndi tsiku, ngakhale tsamba limodzi, pakuti makina aliwonse atsopano amabwera ndi buku lake ndipo palibe amene adzakuwerengereni. Ndalama zikapezeka, katengeni laisensi ya galimoto zazikulu ku RTSA, bungwe loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu, ya Class C kenako CE. Makanika amene angathe kutulutsa yekha thiraki kukaiyesa pamsewu atakonza, kapena kuyendetsa galimoto ya zipangizo kupita kumene ina yafera, ndiye amayamba kuitanidwa malo akapezeka.